Nsambo ya a Mulepa

Mawu awa ndinayamba ndawanena pakamwa ndisanawalembe, pa khonde la nyumba yanga ku Chulu. Analipo alongo anga a Lefani, amene ndi aakulu kwa ine ndiponso nkhoswe ya ana anga. Analipo mwana wanga woyamba, Tiyamike, pamodzi ndi amuna ake a Mwale, amene anakhala chapatali monga amakhalira mkamwini waulemu. Analiponso Esinati, mwana wa malemu mng'ono wanga, amene ndinamulera ngati wobala ndekha. Nditatha kulankhula, a Lefani anati, "Mlongo, zimenezi mulembe, chifukwa ife tikadzapita ana adzazikamba mokhota." Ndiye ndalemba. Za ubwana wanga ndazisiya, popeza sizisiyana ndi za anzanga onse a msinkhu wanga. Ndiyambira pa ntchito.

Ku Simlemba, ntchito yanga yoyamba

Nditamaliza Folomu 4 ndi maphunziro a ntchito, ananditumiza ku Simlemba ngati mlangizi wa chitukuko cha m'midzi. Ndinkayang'anira sukulu za kwacha, kumene akuluakulu amaphunzira kuwerenga ndi kulemba, komanso makalabu a amayi a zosoka, zophika ndi zaukhondo. Anandipatsa njinga yakapalasa ndi nyumba yodontha pakona imodzi. Choko chinkatha mwezi usanathe, ndipo tinkalemba pa bolodi ndi chinangwa chouma. Anthu a kumeneko amasakaniza Chichewa ndi Chitumbuka, kotero miyezi yoyamba ndinkangoyankha kuti "yewo" pa chilichonse, ngakhale pamene akundidandaulira. Chimene ndinaphunzira ku Simlemba, chimene sanatiphunzitse ku sukulu, n'chakuti ndikalankhula za chimbudzi ndi madzi akumwa amayi ankagwedeza mitu mwaulemu n'kuiwala, koma mawu omwewo akaikidwa m'nyimbo ndinkawamva akuimbidwa ku chigayo patapita miyezi. Kuyambira pamenepo, kulikonse kumene ndagwira ntchito ndinkayamba ndafunsa kuti kuno mumavina chiyani. Ku Simlemba komweko ndinakwatiwa ndi bambo a Tiyamike, amene anali mphunzitsi, ndipo komweko ndinawataya.

Ku Chulu, chaka chimene makuponi anayamba

Anandisamutsira ku Chulu, kwathu kwenikweni, ndili kale mayi wamasiye wa imvi zoyamba. Bwana wathu wa ku boma anali a Kamanga, munthu wosapsa mtima msanga, koma wofunitsitsa kuti mlendo aliyense wochokera ku likulu abwerere akuyamika. Makuponi ogulira feteleza wotsika mtengo atayamba, ife tinapatsidwa gawo lofalitsa uthenga: kuti kuponi si yogulitsa, kuti feteleza athiridwe pa nthawi yake, kuti chimanga chibzalidwe mbewu imodzi pa phando. Ndinayambitsa kalabu ya magule, imene inkakumana Lachitatu masana pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa sukulu ya kwacha. Gule wathu anali chimtali. Wapampando anali Nabanda, mayi wa pakamwa pakuthwa koma wa mtima wabwino. Vuto lathu linali lakuti woimba ng'oma anali atapita ku Joni, ndipo ng'oma imene anasiya inali yong'ambika chikopa. Tinkavina ndi kuwomba m'manja basi, ndipo nyimbo zinkamveka zosakolera mchere.

Tsiku lina tinaona bambo wachikulire ataima chapatali, atanyamula thumba. Tinamuzindikira kuti ndi tenanti, mmodzi wa anthu amene lole ya esiteti imakawatenga ku chigawo cha kummwera kuti adzalime fodya wa bale. Anthu otere eni mudzi amawatcha obwera, ndipo kawirikawiri sayandikira pamene pali eni mudzi. Nabanda anamufunsa ngati m'thumbamo munali nkhuku yogulitsa. Bamboyo anagwada, nati dzina lake ndi Mulepa, wa ku Phalombe, ndipo anapempha ngati angathandize nyimbo imene tinkaimbayo. Anatulutsa kaligo. Ambiri a ife tinali tisanamuonepo. Ndi chipangizo cha nsambo imodzi: kachitsa kogoba kokutidwa ndi chikopa cha ng'azi, ndodo yolowa m'kachitsamo, chikhomo chomangira nsambo kumapeto kwa ndodo, ndi kauta ka khonje kopakidwa utomoni kokwechera. Nsambo yake inali waya wa buleki ya njinga. Atakwecha koyamba, Nabanda anati, "Chimenechi chikulira ngati munthu wa chimfine."

"Zoona mayi," anatero a Mulepa, "koma chimfine chake chimavinitsa."

Anamvetsera nyimbo yathu kamodzi, nayamba kuitsatira. Sindinaonepo bwalo likusintha msanga chotero. Nsambo ija inkayankha amayi ngati munthu wina waima pakati pawo, ndipo pamene mayi wotsogolera nyimbo ankapuma, iyo inkadzaza mpatawo. Nabanda yemweyo anavina mpaka duku kugwa.

Mmene ndinaphunzirira

Tinawapempha a Mulepa kuti aziphunzitsa aliyense wofuna, chifukwa tinkadziwa kuti fodya akagulitsidwa ku okushoni matenanti amabwerera kwawo. Anatipangira akaligo awiri a zitini. Poyamba tinalipo ambiri, amayi ndi abambo omwe, koma kulira kwake kunali ngati kwa mbuzi yokodwa pa chingwe, ndipo manyazi anathamangitsa anthu mmodzimmodzi mpaka ndinatsala ndekha. Sindinatsale chifukwa cha luso. Ndinatsala chifukwa ndinali ndazolowera kuphunzitsa agogo kugwira pensulo, ndipo ndinkadziwa kuti kusekedwa sikupha.

Kaphunzitsidwe kawo kanali kachilendo kwa ine wa m'kalasi. Ndinkafuna andionetse pamene chala chilichonse chimagwira, kuti ndiikepo chizindikiro. Iwo anakana. Anati ndisayang'ane zala zawo, ndiyambe ndaimba nyimbo pakamwa mpaka itakhazikika, ndipo zala zidzaifunafuna zokha. Chala sichikanikiza nsambo pa ndodo, chimangoikhudza m'mbali. Chinthu chachikulu chimene anandiphunzitsa n'chakuti kaligo alibe mawu akeake. Woimba amapotoza chikhomo mpaka nsambo ifanane ndi mawu a pakhosi pake, ndipo ikafanana amasiya pomwepo. Nchifukwa chake kaligo wawo ankalira motsika ndi mosasa pang'ono, monga ankalankhulira iwo, pamene wanga wa chitini ankalira mokwera. Ndikafuna kubwereka wawo, ankandiloleza kukwecha koma osati kukhudza chikhomo. Kukachita chinyezi chikopa chinkafooka, ndipo ankachiwamba pamoto kapena padzuwa mpaka mawu abwerere pamalo pake.

Nkhani inafika kwa alongo anga a Lefani, amene ndi mkulu wa mpingo. Anabwera kunyumba kwanga, ndipo ndinawayalira mphasa ine n'kukhala pansi. Anati anthu akulankhula: mayi wamasiye, wovala bulauzi yoyera ya amayi a mumpingo, wa ntchito ya boma, kumakhala ndi tenanti kumakwecha waya ngati woimba pa mowa. Sindinawatsutse, chifukwa anali kunena zimene anamva, ndipo dzina limene ankaliteteza linali la ana anga omwe. Ndinawafotokozera kuti ndi ntchito. Tinagwirizana kuti sindidzaimba pa mowa, sindidzaimba pa Sabata, ndipo sindidzaphunzira kwina kulikonse koma pa bwalo la kalabu, anthu akuona. Ndinasunga zonsezi. Akazi a a Mulepa ankabweranso pa bwalopo, akusenda mtedza m'lichero, ndipo tinakhala ngati pachibale.

Kalabu yathu inatchuka. A Kamanga ankatitenga pa misonkhano, ndipo alendo ankakonda kundijambula ine ndi kaligo. Nyimbo imene inkakondedwa kwambiri inali ya makuponi, imene a Mulepa anaipeka okha. Koma iwo sanalandirepo kuponi ngakhale imodzi, chifukwa kalembera amatsata midzi, ndipo tenanti alibe mudzi kuno. Ndinayesa kuwalankhulira, osatheka. Nditawapepesa, anangoseka nati, "Woimba pa ukwati sapita ndi mkwatibwi, mayi."

Chaka chimene a Mulepa anayamba kutsokomola

Zaka zoyamba ankabwerera ku Phalombe fodya akatha, n'kubweranso nthawi ya nazale. Kenako analeka kupita, chifukwa munda wa kwawo unali utagawidwa kwa adzukulu. Chaka china anayamba kutsokomola ndi kuonda. Lachitatu lina, amayi atatopa ndi kuvina ndipo atakhala pansi, anandiuza kuti panatsala nyimbo imodzi imene anali asanandiphunzitse. Anaiimba. Inalibe mawu, inalibe povinira, inkangoyenda pang'onopang'ono ngati munthu wonyamula katundu wolemera, ikubwerera pamene yayambira. 

Anafotokoza kuti anaiphunzira kwa malume awo, amene anawaphunzitsa kaligo, ndipo kuti pa banja lawo pali mwambo. Mwini kaligo akamwalira, amene anaphunzira kwa iye amatenga kaligo wa malemuyo osakhudza chikhomo, kuti nsambo ikhalebe pa mawu a mwini wake. Amaimba nyimboyi pa manda, pakamwa ali chete, kuti anthu amve mawu a malemuyo komaliza. Akatha amadula nsambo n'kuiponya m'manda. Kaligo amakhala wa wophunzirayo, ndipo amamanga nsambo yatsopano pa mawu ake. Iwo anawachitira malume awo zimenezi. Ana awo aamuna anakana kuphunzira, ndipo anabalalika m'matauni.

"Ine sindili mu mpingo uliwonse," anatero, "ndiye kwaya sidzabwera. Kwathu n'kutali, lole sinyamula maliro a tenanti. Ndikafera kuno, adzandiika chete ngati mtolo wa mapesi. Wophunzira wanga ndinu, mayi. Sindikukakamizani."

Ndinawayankha kuti nkhani yotere sindingaimalize ndekha, ndiyenera kufunsa alongo anga. Anati ndifunse, koma ndisachedwe. Ndinawafunsadi a Lefani. Anakana. Anati kuimba pa bwalo la chitukuko ndi kwina, koma mayi wa mumpingo kuima pa dzenje pakati pa amuna, kuchita mwambo wa anthu obwera pa maliro opanda mpingo, ndi nkhani yofika ku bwalo la akulu a mpingo, ndipo iwo adzayenera kukhala nawo pa mlandu wa mlongo wawo. Sindinabwerere kwa a Mulepa ndi yankho. Koma nyimboyo ndinapitiriza kuiphunzira, ndipo iwo sanandifunsenso.

Mwezi wa mvula yoyamba, tsiku logawa makuponi

Akazi a a Mulepa anafika pakhomo panga mmawa, atanyamula thumba lija. Sanafunike kunena zambiri. Anati a Mulepa atisiya, ndipo eni mudzi avomera kuti aikidwe mawa lake m'mphepete mwa manda athu, kumene amaika alendo. Anaika thumbalo m'manja mwanga nati, "Ananena kuti musakhudze chikhomo."

Mawa lakelo linali tsiku logawa makuponi kudera lathu lonse, ndipo kunkabwera alendo ochokera ku likulu. Kalabu yathu inali pa ndondomeko, ndipo a Kamanga anali atalonjeza alendowo kuti adzaona mayi woimba kaligo. A Kamangawo anafika masana pa njinga yamoto kudzaona zokonzekera, ndipo ndinawauza. Sanakalipe. Anavula chipewa, napepesa za malirowo, kenako anandikumbutsa kuti malemuyo sanali m'bale wanga, kuti lamulo la ntchito silipereka tchuthi pa maliro a mnzako wa ku kalabu, ndiponso kuti dzina langa analipereka kale kuti ndikwezedwe ndisanapume pa ntchito. Anati ndikaimbe kaye, ndikapita kukapepesa madzulo.

"Madzulo adzakhala atakwirira, bwana," ndinatero.

"Amayi, musandichititse manyazi pamaso pa akuluakulu. Ndikupemphani ngati mwana wanu."

Kupempha kwawoko kunandilemera kuposa kukalipa. Atachoka, amayi a kalabu anabwera. Ena ankati tonse tipite ku maliro. Ndinawaletsa, chifukwa kuponi ankapereka m'manja mwa mwini dzina, ndipo wosapezeka pa mzere ankatha kukhala chaka chonse wopanda feteleza. Sindikanalola kuti mwana wa munthu agone ndi njala chifukwa cha lonjezo limene ngakhale ine mwini ndinali ndisanalipereke. Ndinawauza kuti apite akavine ndi m'manja monga tinkachitira kale, ndipo alandire makuponi awo. Za ine ndinati ndiona.

Ndinaganiza za udindo umene ndikanautaya, ndi za alongo anga atakhala pa mlandu wanga. Koma ndinaganizanso kuti munthu uja anaimbira makuponi a mudzi wathu zaka zonsezo, ana athu n'kudya, ndipo chimene anapempha kwa ife chinali nyimbo imodzi imene padziko lonse ndinkaidziwa ndi ine ndekha. Alendo a ku likulu akanaona gule wina kwina. A Mulepa analibe tsiku lina. Mmawa ndinadutsa kwa a Lefani, ndinagwada pakhomo, ndinawauza kuti ndikupita ku manda ndi kaligo, ndipo sindinafune kuti amve kwa ena. Anandiyang'ana nthawi yaitali, nalowa m'nyumba. Bulauzi yoyera ndinaisiya. Ndinavala chitenje wamba.

Anthu anali ochepa: matenanti anzawo, akazi awo, ndi adzukulu okumba manda. Mudzi wonse unali ku makuponi. A Lefani anabwera pa njinga yawo, chifukwa ndiwo ankayenera kuloza malo okumba, ndipo anaima patali osandiyang'ana. Usiku kunali kutagwa mvula, ndipo nditayesa kukwecha ndinapeza chikopa chafooka, mawu atsika ngati a munthu wina. Dzanja langa linapita lokha ku chikhomo, koma ndinalibweza. Ndinapempha adzukulu kuti ndiwambe chikopa pa moto wawo. Ndinachiyandikiza, ndikukwecha pang'onopang'ono, mpaka akazi a malemuwo anaika dzanja pakamwa. Pamenepo ndinadziwa kuti mawu afika pamalo pake.

Bokosi litatsitsidwa, mkulu wa matenanti anapempha adzukulu kuti andipatse njira. Ndinaima pa mulu wa dothi, pamene mkazi saima, ndipo ndinaimba. Sindinaimbe bwino monga iwo. Penapake kauta kanaterera. Koma mawu anali awo, otsika ndi osasa, ndipo amuna amene analima nawo fodya anaweramitsa mitu.

Nditatha, ndinatulutsa sizasi yanga yosokera kuti ndidule nsambo. Ndinali nditaiwala kuti malume awo a Mulepa ankaimba nsambo ya khonje, koma iyi inali waya wa buleki. Sizasi inangoterera. Ndinayesanso, inapindika. Mdzukulu wina anabweretsa khasu, koma kumenya waya ndi khasu kukanaswa kaligo. Anthu anayamba kuyang'anana, ndipo ine ndinaima pamenepo mwambo uli pakati. Ndinamva wina akuyenda kumbuyo kwanga. Anali a Lefani. Anali atapita pa njinga yawo n'kumasula kathumba ka zipangizo kamene amamangirira kunsi kwa chishalo. Anandipatsa pulayazi.

"Mlongo, gwirani chapafupi ndi chikhomo," anatero motsitsa mawu. "Pakati apo ikukwapulani kumaso."

Ndinadula. Ndinaipinda nsamboyo n'kuiponya pa bokosi, ndipo adzukulu anayamba kukwirira. Asanamalize, tinaona amayi a kalabu akubwera m'kanjira ka m'munda, Nabanda patsogolo, makuponi atamangidwa pa nsonga za zitenje. Anachoka pa mzere n'kubwera osadutsa kunyumba. Anakhala pansi kumbali ya amayi, nalira maliro a munthu wobwera monga amalirira mwana wa m'mudzi.

Zimene zinatsatira

A Kamanga anandipatsa chenjezo, monga lamulo linkafunira, ndipo kukwezedwa kuja sikunabwere. Ndinapuma pa udindo womwe ndinayambira ku Simlemba. Sindiwasungira chakukhosi, iwonso anali ndi mabwana awo. Nkhani inafikadi kwa akulu a mpingo. Ndinamva kuti a Lefani anaimirira nati ngati pali mlandu ayambe ndi iwo, popeza pulayazi inali yawo. Akuluwo anandilangiza, koma sanandichotse. Akazi a malemu a Mulepa anabwerera ku Phalombe pa lole ya nyengo imeneyo, fodya atagulitsidwa.

Kaligo uja ndi amene wapachikidwa m'chipinda changa. Waya watsopano anandipatsa a Lefani, wochokera pa njinga yawo yomwe, ndipo ndinaumanga pa mawu anga. Kalabu ilipobe, ngakhale tsopano amavinira nyimbo za pa sipika. Mwa ana anga palibe amene anaphunzira. Pa tsiku lija la pa khonde, nditafika pamenepa, Esinati anafunsa ngati munthu wa ana atatu angathe kuyamba. Ndinamuuza kuti ine ndinayamba ndili ndi imvi. Wabwera kangapo, ndipo pakali pano kulira kwake n'kwa mbuzi yokodwa pa chingwe. Sindimukakamiza, monga inenso sindinakakamizidwe.

Tiyamike, mwana wanga, ndikupempha kuti mapepala awa uwasunge m'thumba limodzi ndi kaligoyo, pouma, kumene chiswe sichifika, ndipo ana ako akadzakula uwawerengere. Tsiku langa likadzafika, mpingo udzaimba nyimbo zake, ndipo zimenezo zidzandikwanira. Koma Esinati akadzakhala ataidziwa nyimbo ija, mudzamupatse njira. Munthu asadzakhudze chikhomo, ndipo musadzapite ndi sizasi. Pulayazi ya amalume anu ili m'thumba momwemo.